Mukafuna galimoto yakale ku Chigwa cha Shire, yambani mwasuzumira kunsi kwa ngolo

Kuno kwathu galimoto yakale sipezeka yonse pamalo amodzi. Ekiselo ili pa ngolo ya munthu ku Ngabu, limu ndiye belu la pa pulayimale ina, masipuling'i anawasula zikwanje kalekale, injini ikugaya chimanga, ndipo chatsala kuseri kwa nyumba ndi chigoba chokha, nkhuku zikuikiramo mazira. Ndiye ngati mukufuna kuona magalimoto amenewa, kuwajambula kapena kugula imodzi, musayende maso ali m'tchire. Tsatirani ziwalozo, zikakufikitsani pamene yagona galimotoyo. Ine ntchito yanga ndi yokonza injini za zigayo ndi mapampu a madzi, ndimayenda pa njinga yamoto kuchokera ku Dyeratu mpaka ku Marka, ndipo umu ndi mmene ndimawapezera.

Chigwa chino ndi cha ng'ombe, ngolo zili ponseponse, ndipo zambiri zimayendera ekiselo ya galimoto. Tsiku la msika ku Ngabu kapena ku Bangula, pitani pamene amaimika ngolo, muwerame, muwerenge mabawuti omangira tayala. Akakhala 5 otalikirana, difu yake (chotupa cha magiya cha pa ekiselo) osakhala pakati penipeni koma cha mbali imodzi, imeneyo ndi Land Rover. Akakhala 6, ganizani za Land Cruiser kapena mapikapu a ku Japan okoka ndi matayala onse. Akakhala 3 okha, mwapeza ya ku France, kawirikawiri Peugeot 404. Mukatero musathamangire kunena kuti mukusaka galimoto. Perekani moni, yamikani ng'ombe, kenako mufunse: "Bambo, ekiselo yolimbatu iyi, anakumangirani ndani?" Mwini ngolo akulozerani kwa wowotcherera, ndipo wowotchererayo ndi amene amadziwa khomo lililonse pamene pali chigoba, chifukwa anapitako kale ndi sowo yake. Achiwiri pa kudziwa ndi osula zikwanje ndi nkhwangwa. Achitatu ndi anyamata a kabaza, koma iwo galimoto iliyonse yadzimbiri amaitcha Land Rover, ndiye muwafunse mtundu wa penti ndi maonekedwe a kumaso musanaononge petulo.

Kuti mudziwe koyang'ana, kumbukirani chimene chinabweretsa magalimoto kuno. Choyamba ndi thonje: malole ankatuta mabelo kuchokera m'misika ya ADMARC, bungwe limene linayamba mu 1971, ndipo Ngabu ndiye anali mtima wa ntchitoyo. Chachiwiri ndi nzimbe za ku Nchalo, kumene fakitale ya SUCOMA inayamba kupanga shuga mu 1966. Mathirakitala, ngolo zake ndi mapikapu a makapitawo zikatha ntchito zinkagulidwa ndi anthu a m'deralo. Ndiye pali mamishoni ndi zipatala zawo, amene ankadalira Land Rover nthawi imene tala anali asanafike. Pomaliza pali nkhondo ya ku Mozambique. Kuyambira cha mu 1986 anthu othawa nkhondo anadzaza boma la Nsanje, ndipo mabungwe anabweretsa malole a ufa ndi ma Land Cruiser. Mtendere utabwera mu 1992 anthu n'kuyamba kubwerera kwawo, ena mwa magalimotowo sanakwerenso phiri kutuluka m'chigwa muno. Onjezaninso madalaivala opuma, aphunzitsi akuluakulu akale, ndi azibambo amene anabwera ndi galimoto kuchokera ku Joni kapena ku Harare. Khomo la munthu wotere, la njerwa zootcha ndi malata akale, ndi loti muyende pang'onopang'ono mukamadutsa.

M'mbali mwa M1 zabwino zambiri zinapita. Ogula zitsulo zakutha amayenda ndi lole ndi sikelo, amalipira pa kilogalamu, ndipo amakonda msewu wa tala. Ine ndimaona zambiri kutsidya kwa Shire, mu msewu wochoka pa Thabwa kudzera ku Livunzu ndi Masenjere mpaka ku Fatima ndi Muona, komanso cha ku Chapananga. Dera la Makhanga ndi Chiromo nalo lili ndi nkhani yake: madzi atadula njira ya pakati pa Bangula ndi Chiromo mu 1997, anthu anayamba kuwoloka pa bwato, ndipo galimoto yoonongeka tsidya limenelo inalibenso njira yapafupi yopitira kwa makaniko.

Nthawi yabwino ndi Ogasiti ndi Seputembala, udzu utauma kapena utapsa. Mu Malichi mukhoza kudutsa pafupi ndi lole yathunthu osaiona, itakutidwa ndi zitsamba zoyanga. Okutobala ndi Novembala kumaoneka bwino, koma kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo chitsulo cha padzuwa masana sichigwirika. Nyamukani mbandakucha, pofika 10 koloko mukhale mwamaliza. Maso anu aziyang'ana pansi pa mitengo ya nimu, ya bwemba ndi ya masawu, chifukwa munthu galimoto ikamufera amaikankhira pamthunzi akuganiza kuti aikonza mwezi wamawa. Yang'ananinso makola: chitseko cha pikapu kapena boneti zikatseka khola la mbuzi, zotsalazo zili pafupi.

Tsopano kuzindikira chimene mwapeza. Land Rover ndiyo yosavuta, ndipo ndiyo imakhalitsa, popeza thupi lake ndi la aluminiyamu, siligwidwa dzimbiri lofiira, limangotuwa. Tengani ka maginito, nkochotsa m'sipika yakutha, mukaike pa chitseko. Kakagwa, ndi Land Rover. Nyali zikakhala mkati, pafupi ndi rediyeta, osati pa mapiko a m'mbali, ndi ya kale kwambiri, isanafike 1969. Kumaso kukakhala kwa pulasitiki, mawotchi ali kutsogolo kwa dalaivala osati pakati, ndi Series III, yopangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985. Suzumirani pansi: masipuling'i osanjikiza ndi a ma Series onse, pamene ozungulira anayamba mu 1983 pa mtundu umene mu 1990 anautcha Defender. Pa ma Series pali yaifupi ya mainchesi 88 pakati pa ma ekiselo ndi yaitali ya 109. Kuno zambiri ndi zazitali, chifukwa ndizo zinkanyamula odwala ndi matumba.

Land Cruiser yakale, ya mtundu wa 40 umene unapangidwa kuchokera 1960 mpaka 1984, ndi yachitsulo, maginito amamata pa chitseko, ndipo dzimbiri limaidya m'makona a kumbuyo ndi pansi pa zitseko. Peugeot 404 ili ndi nyali zozungulira, timapiko tosongoka kumbuyo, giya pa chiwongolero, ndi injini yopendekeka. Ya 504, imene inatuluka mu 1968, nyali zake ndi zamakona ndipo buti yake imatsetsereka mwadzidzidzi kumapeto. Musadabwe kupeza 504 yooneka yatsopanoko, chifukwa ku Kenya ndi ku Nigeria anapitiriza kuzipanga mpaka zaka za m'ma 2000, ku France atasiya kale. Pa malole, Bedford ya mphuno yozungulira ndi TJ, inayamba mu 1958, ndipo yopanda mphuno ndi TK. Ya mphuno yaifupi yonenepa ndi Mercedes-Benz, ngakhale nyenyezi yake anaizula ana. Thirakitala yaing'ono yofiira ya masilinda atatu kawirikawiri imakhala Massey Ferguson 135, ya pakati pa 1964 ndi 1975, ndipo kunena zoona, mwa zonsezi imeneyi ndiyo yosavuta kudzutsa, zipangizo zake zimapezekabe. Za Datsun 120Y ndi tina totere sindinena zambiri. Malata ake ndi opyapyala, kuno timapeza denga lokha.

Musanalowetse dzanja paliponse, gogodani ndi ndodo yaitali, muime patali, mudikire. Pansi pa mipando ndi m'kati mwa matayala ndi nyumba za mphiri ndi zinkhanira, m'zitseko mumakhala mavu, ndipo njuchi zimakonda thanki yopanda chivindikiro. Mukamva kulira kwa njuchi, tsiku limenelo jambulani chabe. Onetsetsaninso chitedze, chimayanga pa zigoba zimenezi ndipo nthawi yoyenerayi ndi imene chimakhala chitakhwima. Ndipo musalowe pansi pa galimoto yokhala pa njerwa kapena pa zitsa zodyedwa ndi chiswe.

Funso lalikulu pa galimoto iliyonse ya m'chigwa chino ndi lakuti madzi anafika pati. Kusefukira kwa Januwale 2015, kwa Malichi 2019, namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023, zonsezi zinadutsa m'makomo a anthu, ndipo galimoto yopanda matayala sithawira kumtunda. Eni ake sanena bodza dala, koma amakumbukira za nyumba ndi mbuzi zawo, za chigobacho ayi. Dzionereni nokha. M'galasi la nyali mumatsala mzere wa matope. Kuseri kwa mawotchi, m'bokosi la zida ndi m'munsi mwa zitseko mumakhala dothi losalala la mtsinje, losiyana ndi fumbi lobwera ndi mphepo. Solorani kachitsulo koyezera oyilo: wakuda bii ndi wabwino, wotuwa ngati phala ali ndi madzi, ndipo kakatuluka kouma kadzimbiri, injiniyo muiwerengere ngati chitsulo cholemera basi. Masulani bawuti ya pansi pa difu ndi ya giyabokosi pang'ono chabe. Madzi amakhala pansi pa oyilo, ndiye akakhalamo ndi amene amayamba kudontha.

Kenako chasisi, ndipo apa ndi pamene anthu amanamizidwa ndi Land Rover. Thupi limaoneka lathunthu, munthu n'kukondwa, osadziwa kuti chasisi ndi khoma lolekanitsa injini ndi dalaivala ndi zachitsulo wamba. Kwa Ngabu ndi madera oyandikana nawo dothi ndi makande, limameza matayala nthawi ya dzinja mpaka galimoto kukhala pamimba, ndipo m'malo ena dothi ndi lamchere. Chasisi yogona m'dothi lotero zaka zambiri imadyeka kuchokera mkati, chifukwa matope amalowa m'mabowo n'kusunga chinyezi. Kumbani pang'ono ndi khasu, mugogode ndi hamala kumbuyo kwenikweni, pomangira masipuling'i ndi pa nthambi zonyamula thupi. Chitsulo chamoyo chimalira ngwee, chodyeka chimangoti phu, nthawi zina hamala n'kulowa.

Ndikupatseni chitsanzo cha pafupi. Kupitirira Sorgin, pa khomo lina, pali Land Rover yaitali pansi pa nimu. Nyali zili mkati, penti yobiriwira yatsala m'makona okha, pa boneti amayanikapo mapira. Kumbuyo kuli lichero ndi nkhuku yofungatira. Matayala awiri akumanzere analowa m'dothi mpaka pa limu, koma akumanja ali pa miyala imene mwini wake anaika asanamwalire, ndipo kusiyana kwake kumaoneka: kumanja hamala imadumpha, kumanzere chitsulo chimanyenyeka ngati chigumu cha dzana. Pa bampala pali bowo lolowetsera chitsulo chopukusira injini, ndipo chitsulocho chidakali kuseri kwa mpando. Nditapempha, ndinachilowetsa, ndipo injini inasuntha pang'ono n'kuima. Agogo a pakhomopo anangoti, "Mwanawe, pukusa bwino, usandidzutsire nkhuku." Galimoto imeneyo siigulitsidwa, ndi chikumbutso cha amuna awo, ndipo ine ndimangoimapo kupereka moni.

Kuyesa injini kuli ndi mwambo wake, ndipo woyamba ndi wakuti musabwere ndi batire. Mawaya anadyedwa ndi makoswe, mukhoza kuyatsa moto pa khomo la eni. Ngati ndi ya petulo, chotsani mapulagi, muthire dizilo wosakaniza ndi oyilo pang'ono m'bowo lililonse, mubwezere mapulagiwo mosamanga, mupite kwanu. Mubwere sabata yamawa ndi sipanala yaikulu, mugwire bawuti ya pa pule ya kutsogolo, musunthe uku ndi uku mofatsa, giya ili pa fili. Ikasuntha, mwayi ulipo. Ikakana, thiraninso, mudikirenso. Chimene musachite ndi kuikoka ndi thirakitala ili m'giya kuti imasuke mokakamiza, chifukwa mumathyola maling'i kapena kupinda zitsulo za mapisitoni. Yang'ananinso m'mbali mwa injini ngati muli bowo kapena mng'alu. Funsani chimene chinaimitsa galimotoyo. Akati inanoka, konzekerani ndalama. Akati bambo anadwala, kapena anasowa tayala, kapena kilatchi inatha, nthawi zambiri injini imakhala yabwino.

Mukafuna kudziwa chaka chimene inaima, onani zomata za inshuwalansi ndi COF (chiphaso chakuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) pa galasi la kutsogolo, ngati dzuwa silinazifufute. Matayala nawo amanena. Kumapeto kwa malemba oyamba ndi DOT kuli manambala: akakhala 4, awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka, ndipo tayalalo ndi la 2000 kapena pambuyo pake, akakhala 3, ndi la kale chisanafike chaka cha 2000. Nambala ya chasisi ipezeni ndithu, muipale ndi bulashi yawaya, muijambule. Pa Land Rover za Series imakhala pa kachitsulo komata mkati, kutsogolo kwa mipando, komanso inadindidwa pa chasisi kutsogolo kumanja, pomangira sipuling'i. Nambala ya zilembo 17 ndi ya magalimoto a m'ma 1980 kubwera kuno, akale amakhala ndi yaifupi. Nambala ya pamsewu imathandizanso: CK ndi ya Chikwawa, NE ndi ya Nsanje, MG ndi ya boma.

Apa ndiye pamene pagona nkhani. Palibe galimoto yopanda mwini kuno, ngakhale itamera mtengo pakati. Musalowe pa khomo la munthu foni ili m'mwamba. Odini, khalani pamene akupatsani, fotokozani kumene mwachokera, ndipo ngati ndinu mlendo m'mudzimo, yambani mwaonekera kwa anyakwawa. Zambiri mwa galimoto zimenezi ndi chuma cha masiye, ndipo amene mwamupeza pakhomo sakhala iye yekha woyankha. Kwa Asena nkhani zotere zimadutsa kwa abale a kuchimuna, kwa Amang'anja amalume amakhala ndi mawu, ndipo pamwamba pa mwambo pali lamulo la chuma cha masiye la 2011 limene limateteza mkazi wamasiye ndi ana. Mukagula kwa mwana mmodzi mwakachetechete, tsiku lonyamula mudzapeza mudzi wonse utaima pa lole. Itanitsani onse, mulembe kalata ya mgwirizano yokhala ndi nambala ya chasisi ndi ya injini, asayine, anyakwawa adinde.

Bulubuku ifunseni, ngakhale nthawi zambiri inapita ndi madzi kapena chiswe. Popanda iyo, pitani kaye ndi manambalawo ku polisi ndi ku Road Traffic mukamve zofunika kuti umwini usinthidwe, musanapereke ndalama. Galimoto ya nambala ya ku Mozambique, kapena imene inalowa ndi mishoni kapena bungwe osalipira msonkho, ili ndi nkhani ndi MRA, ndipo ngongole imeneyo imatsata galimoto. Ya MG yogona kuseri kwa ofesi sagulitsa mlonda kapena dalaivala. Katundu wa boma amagulitsidwa pa okushoni yolengezedwa. Zimene zili pa polisi zina ndi umboni wa milandu, musajambule musanapemphe.

Pa mtengo, dziwani kuti mukupikisana ndi sikelo. Mwini wake anamva kale zimene wogula zitsulo angapereke, makamaka pa aluminiyamu ndi rediyeta ya kopa, ndipo wowotcherera anatchulapo kale mtengo wa ekiselo. Muonjezere pamenepo mwaulemu. Koma musanamize anthu kuti chigoba chawo ndi cha mamiliyoni kunja. Mawu amenewo akalowa m'mudzi, palibe amene agulenso, galimotoyo iwolera pomwepo banja likudikira mzungu. Ndipo funsani ziwalo zimene zinachoka. Nthawi zambiri sizinapite kutali: giyabokosi ili m'nkhokwe, kabureta ili m'chitini kuchipinda, ekiselo ili pa ngolo ya mlamu wawo. Ngolo imeneyo musaiphwasule chabe, mupezereni ekiselo ina ya pikapu yatsopanoko, mumumangire, musinthane. Iye apeza mabering'i osavuta kugula, inu mupeza chiwalo chenicheni cha galimoto yanu.

Kunyamula kuchitike kusanagwe mvula, makande akanyowa lole yobwera kudzanyamula imatitimira nayonso. Kumbani kutsogolo kwa tayala lililonse, munyamule ndi jeke pa thabwa lokhuthala, mubwereke matayala opopa ngakhale akutha. Mabuleki amakhala atamatirira ku madiramu; gogodani diramu ndi hamala mozungulira mpaka tayala lizungulire. Chokwezera palibe kumudzi, ndiye funani chulu kapena gombe la msewu lofanana msinkhu ndi lole, lole ibwerere chambuyo mpaka igunde, anyamata akankhe galimotoyo kuchokera pamwamba, ina itagwiridwa ndi chingwe kumbuyo kuti isathamange. Mangani ndi matcheni pa ma ekiselo, osati pa bampala, ndipo zitseko ndi boneti muzimange ndi chingwe, mahinji akale amaduka ndi mphepo. Ngati mukupita nayo ku Blantyre, musayerekeze kuikoka ndi chingwe pa phiri la pa Thabwa. Makona ake ndi akuthwa, galimotoyo ilibe mabuleki, ndipo chingwe chikaduka ibwerera pa amene ali pambuyo. Ikwere pa lole, muime pa Thabwa mumangenso matcheni, mukwere m'mawa injini ya lole isanatenthe, kalata ya anyakwawa ndi ya mgwirizano zili m'thumba la malaya chifukwa pa rodibuloko adzazifuna.